Kudumphitsa Mwezi Pobweza Ngongole: Chifukwa Chake Zimabwerezabwereza ndi Momwe Mungakonzere Mbiri Yanu Musanapemphe Ngongole ya Nyumba

Munthu amene ali ndi puloti m'tauni ya Kasungu, mapepala a malo ali m'manja ndiponso malipiro akulowa mwezi ndi mwezi, amapita ku banki ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ngongole yomangira nyumba ituluka. Amadzaza mafomu, amapereka zonse zimene wauzidwa, ndipo patapita masabata angapo amayankhidwa mwachidule kuti mbiri yake ya ngongole siili bwino. Ambiri amene ndawamvapo akudandaula ndi yankho limeneli si anthu othawa ngongole ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, alimi a fodya ndi eni magolosale amene anadumphitsa mwezi umodzi kapena iwiri zaka zapitazo, anadzalipira pambuyo pake, n'kuyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo pa nkhani ya ngongole mawuwa ndi oona kuposa kale, popeza masiku ano kuchedwa kulikonse kumalembedwa, ndipo wolembayo si banki imene munakongolako yokha.

Zimene banki imaona ikafunsa za inu

Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Credit Reference Bureau Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010 ndi kukonzedwanso mu 2016. Lamuloli ndilo limalola mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene ambiri timangowatchula kuti CRB, kulandira kuchokera ku mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama uthenga wa munthu aliyense amene wakongola. Mabungwe a mtunduwu amene amadziwika kuno ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo amawayang'anira ndi Registrar of Financial Institutions, udindo umene umakhala m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kale munthu ankatha kulephera ngongole ku banki ina n'kukatsegula akaunti ku banki yachiwiri osadziwika, makamaka chifukwa dzina limodzi linkalembedwa mosiyanasiyana. Kuyambira pamene kalembera wa chiphaso cha unzika anachitika mu 2017, nambala ya pa chiphasocho ndiyo imalumikiza ngongole zonse za munthu mmodzi, kaya anazitengera ku Kasungu, ku Mchinji kapena ku Mzuzu.

Lipoti limene banki imalandira limasonyeza ngongole zimene munatengapo, ndalama zimene zatsala, ndi masiku amene munachedwa kulipira. Masikuwa ndiwo ofunika kuwamvetsa bwino. Kuchedwa kwa sabata imodzi kumabweretsa chilango cha ndalama, koma ngati mwakonza mwezi usanathe nthawi zambiri sikudetsa mbiri kwenikweni. Kuchedwa kukadutsa masiku 30 ngongoleyo imayamba kuoneka kuti ili m'mbuyo, ndipo ikafika masiku 90 mabanki amaiwerengera m'gulu la ngongole zosabwezedwa, zomwe banki imakakamizika kuziikira ndalama zake pambali poopa kuti sizidzabweranso. Wopereka ngongole ya nyumba akaona chizindikiro cha masiku 90 amaima kaye, chifukwa ngongole imene mukupempha ndi ya zaka 10, 15 kapena 20, ndipo iye akufuna kudziwa momwe mumachitira zinthu zikathina.

Ndi bwino kusiyanitsanso mabilu. Magetsi a ESCOM ogula mayunitsi alibe ngongole, chifukwa mayunitsi akatha magetsi amangozima. Bilu ya madzi a Central Region Water Board ikakhala yosalipira, choyamba chimene mumaona ndi kudulidwa kwa madzi ndi kulipitsidwa kuti akulumikizireninso. Zimene zimafika msanga pa lipoti lanu ndi zochokera kwa obwereketsa ndalama: ngongole ya ku banki, ndalama zimene mwatapa kupitirira zimene zili mu akaunti, ngongole ya bungwe lobwereketsa ndalama zing'onozing'ono, ndiponso tingongole ta pa foni timene kumbuyo kwake kumakhala banki. Komabe bilu ya mtundu uliwonse ikakula mpaka mwini wake kukusumirani kukhoti, chigamulo cha khoti chimakhala chinthu chimene wobwereketsa aliyense angathe kuchipeza.

Chifukwa chake vutoli limabwereranso

Munthu akadumphitsa mwezi kamodzi chifukwa cha maliro kapena matenda, nkhaniyo imamveka ndipo imatha. Amene ndikufuna kuti awerenge gawo lino mofatsa ndi amene amapezeka ali m'mbuyo kawirikawiri pamene iwo akudziwa kuti ndalama anali nazo. Pamenepa pamakhala china chake chimene chinasokonekera m'dongosolo la kalipiridwe, ndipo chikapanda kupezeka chimabwereza mwezi uliwonse.

Yambani ndi tsiku. Yang'anani pa mgwirizano wa ngongole yanu tsiku limene banki imadula ndalama, kenaka tengani sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi muone masiku amene malipiro anu analowa. Tiyerekeze kuti banki imadula pa 25, pamene malipiro anu amalowa nthawi zina pa 24, nthawi zina pa 28, ndipo mwezi wina amadzalowa pa 2 wa mwezi wotsatira. Kompyuta ya banki ikayesa kudula pa 25 n'kupeza mu akaunti mulibe kanthu, imalemba kuti mwachedwa. Malipiro akalowa pa 28 inu mumathamangira kukatapa za lendi ndi za sukulu, ndipo ikadzayesanso imapeza zotsala zosakwana. Mankhwala ake ndi osavuta, koma ndi anthu ochepa amene amawadziwa: lemberani banki kalata yopempha kuti tsiku lodula lisunthidwe n'kukhala patadutsa masiku angapo kuchokera pa tsiku lochedwetsetsa limene malipiro anu analowapo. Pempho lotere si lachilendo kwa iwo, chifukwa nawonso safuna kukhala ndi ngongole yooneka ngati yovuta pamene mwini wake akulipira.

Ngati tsiku lili bwino, yang'anani kuchuluka kwa ndalama zimene zikudulidwa. Ngongole zambiri za ku banki kuno chiwongoladzanja chake chimasintha motsatira reference rate, mlingo umene mabanki amaulengeza mwezi ndi mwezi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo Reserve Bank itakweza policy rate, mlingo wake wa chiwongoladzanja umene mabanki ena amatsatira, kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndalama zobweza pamwezi zinakwera kwa anthu ambiri. Amene anali ndi standing order yotumiza ndalama yofanana mwezi uliwonse kuchokera ku banki ina anapitiriza kutumiza ndalama yakale ija, ndipo kakusiyana kakang'onoko kankaunjikana mwakachetechete. Munthu wotere amalumbira kuti sanadumphitsepo mwezi, ndipo akunena zoona, koma m'mabuku a banki ali m'mbuyo kuyambira kalekale. Chimodzimodzinso zimachitika pamene mwasiya mu akaunti ndalama yokwana ndendende, n'kuiwala kuti banki idulaponso zolipira za pamwezi za akauntiyo. Kuperewera kwa K1,500 kungachititse kuti ndalama yonse ya mwezi umenewo ioneke ngati sinalipidwe mokwanira. Muzisiya ndalama yapamwamba, ndipo nthawi iliyonse mukamva kuti chiwongoladzanja chasintha mufunse ndalama yatsopano imene muyenera kumalipira.

Palinso vuto limene limandipweteka mtima kwambiri, chifukwa wolangidwayo sanalakwe kanthu. Ogwira ntchito ambiri ngongole zawo zimadulidwa pa malipiro ndi owalemba ntchito, amene amayenera kutumiza ndalamazo kwa wobwereketsa. Pa peyisilipi pamaoneka kuti ndalama yadulidwa, koma nthawi zina imatumizidwa mochedwa, kapena imatumizidwa pamodzi ndi za anthu ena popanda mndandanda wosonyeza kuti ya uje ndi iti. Zimachitikanso munthu akasamutsidwa, mwachitsanzo kuchoka ku sukulu ya ku Santhe kupita ku boma lina, n'kupezeka kuti kudula kwaima kwa miyezi iwiri popanda womuuza. Wobwereketsa amalemba dzina la wokongola, osati la bwana wake. Choncho musakhutire ndi peyisilipi yokha. Pakatha miyezi itatu iliyonse pemphani sitetimenti ya ngongoleyo kwa wobwereketsa muiyerekeze ndi mapeyisilipi anu mzere ndi mzere, ndipo mapeyisilipiwo muziwasunga mpaka ngongole itatha ndi kupitirira apo, chifukwa ndiwo umboni wokhawo umene ungakutsukeni.

Alimi ndi amalonda a nyengo vuto lawo ndi lina. Mlimi wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya amene amagulitsa fodya wake ku Chinkhoma amaona ndalama msika ukatsegulidwa, nthawi zambiri cha mu Epulo, ndipo imapitirira kwa miyezi yochepa chabe. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama imangotuluka, kupita ku feteleza, kwa aganyu ndi ku chakudya. Munthu wotere akasayina ngongole yolipira ndalama yofanana mwezi uliwonse, wasayina kale kuti adzadumphitsa mu Januwale ndi mu Febuluwale, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani. Njira yabwino ndi kukambirana musanasayine kuti kalipiridwe kagwirizane ndi nyengo yokolola. Ngati munasayina kale, ndalama ya fodya ikangolowa patulani ya miyezi yanjala yonse muiike mu akaunti imene mulibe khadi lake, kapena mufunse banki ngati ingalandire ndalamayo pasadakhale ndi kukulemberani kuti ndi ya miyezi yakutsogolo. Mfundo yomalizayi ifunseni momveka bwino, chifukwa pali ngongole zina zimene ndalama yoonjezera imangochepetsa ngongole yonse koma mwezi wotsatira n'kufunikabe kulipira.

Zina ndingozitchula mwachidule. Ngongole imene munasayinira mlamu wanu monga womuimirira ndi yanu iye akalephera. Ngongole ya pagulu, ya mtundu uja wakuti mmodzi akathawa onse alipire, ingathe kudetsa mayina a gulu lonse. Nambala ya foni yolembetsedwa pa chiphaso chanu imene munapatsa mwana kapena wantchito ingakhale ndi ngongole imene inu simukuidziwa. Amene munaphunzira ku yunivesite ndi ngongole ya boma, kumbukirani kuti kuyambira 2015 pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene ntchito yake ina ndi kutolera ndalamazo, ndipo ndi nzeru kukafunsa nokha zimene zatsala musanapite kukapempha ngongole yaikulu.

Zoyenera kuchita mukazindikira kuti mwadumphitsa

Chimene chimaononga mbiri ya anthu ambiri ndi kukhala chete. Munthu akalephera mwezi umodzi amachita manyazi, amasiya kuyankha foni ya ku banki, amayamba kulambalala msewu wodutsa pa nthambi, ndipo masiku 30 amasanduka 90 iye akudikira kuti zinthu ziyende bwino kaye. Pitani msanga, ndipo pitani nokha, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukafika funsani ndalama yeniyeni imene ikufunika kuti ngongole ibwerere m'malo mwake, kuphatikizapo chilango ndi chiwongoladzanja cha masiku ochedwa, chifukwa mukalipira ya mwezi yokha n'kusiya chilango, kotsalako kamapitiriza kuwerengedwa masiku. Ngati simungathe kulipira zonse, pemphani kuti ngongole ikonzedwenso, mwina potalikitsa nthawi yobwezera kuti ya pamwezi ichepe. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kudindidwa. Mawu apakamwa a wogwira ntchito pa kauntala sathandiza iye akadzasamutsidwa.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene anthu amathamangirako pofuna kuteteza dzina lawo ku banki, chomwe ndi katapila. N'zoona kuti wakatapila salemba ku CRB, koma chiwongoladzanja chake cha pamwezi chimadya malipiro a mwezi wotsatira, ndipo ambiri amalanda khadi la ku banki kuti azitapa okha tsiku la malipiro. Zotsatira zake n'zakuti mwezi umodzi umene munaupulumutsa umabala miyezi itatu yodumphitsa. Kubwereka ku banki m'khonde kapena ku SACCO yanu kuti mutseke mwezi umodzi kuli bwinoko, malinga mukudziwa kumene ndalama yobweza idzachokere.

Kuyeretsa zimene zinalembedwa kale

Musadikire kuti banki ikuuzeni zimene zili pa lipoti lanu. Lamulo limakupatsani ufulu woona uthenga umene ukusungidwa wokhudza inu ndi kutsutsa zimene zili zolakwika. Pemphani lipoti lanu ku mabungwe onse awiri a CRB aja, chifukwa zimene zili kwina sizikhala zofanana nthawi zonse ndi zimene zili kwinako, ndipo simukudziwa kumene banki yanu idzafunse. Chitani zimenezi kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka kuti mukapemphe ngongole ya nyumba, osati sabata imene mukudzaza mafomu.

Lipoti likafika, liwerengeni modekha. Onani ngati dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso zili zolondola, popeza kuno mayina a Banda, Phiri ndi Mwale ndi ochuluka kwambiri moti ngongole ya munthu wina ingathe kusochera pa dzina lanu. Onaninso ngati ngongole zimene munamaliza zikuoneka kuti zinatsekedwa. Kawirikawiri pamapezeka kangongole kakale kotsala ndi ndalama yochepa, kapena akaunti imene munangoisiya osaitseka, imene zolipira zake za pamwezi zinaunjikana mpaka kuoneka ngati muli ndi ngongole.

Ngati cholakwikacho ndi cha wobwereketsa, mulembereni kalata yofotokoza vutolo, muikepo makope a malisiti, mapeyisilipi kapena sitetimenti, ndipo kope lina la kalatayo adinde kuti alandira n'kukubwezerani. Lemberaninso CRB imene ili ndi uthenga wolakwikawo. Dziwani kuti CRB siisintha uthenga pa mawu anu okha. Imafunsa kaye kwa amene anautumiza, n'chifukwa chake kuyambira kwa wobwereketsa kumafulumizitsa zinthu. Ngati mwayesa njira zonsezi osathandizidwa, dandaulo lanu lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, pamodzi ndi makope a makalata onse amene munalemba kale.

Ngati kuchedwako kunachitikadi, sikufufutika chifukwa choti mwalipira. Kumakhalabe pa lipoti kwa zaka zingapo, koma kumasintha maonekedwe, kuchoka pa ngongole yosabwezedwa kukhala ngongole imene inachedwa koma inatha, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu pamaso pa wopereka ngongole. Mukamaliza kulipira pemphani kalata yotsimikiza kuti mulibenso ngongole kumeneko, ndipo patapita mwezi umodzi kapena iwiri tenganinso lipoti muone ngati lasinthadi. Aliyense amene angakuuzeni kuti mumupatse ndalama akuchotsereni dzina ku CRB ndi wakuba, ndipo mukamupatsa mudzataya ndalamayo dzina lili pomwepo.

Mukamapita kukapempha ngongole ya nyumba

Kudumphitsa kamodzi kwa zaka zitatu zapitazo, kumene kunakonzedwa ndipo pambuyo pake panatsatira miyezi yambiri yolipira bwino, sikutsekereza munthu ngongole ya nyumba nthawi zonse. Chimene chimavuta ndi kuchedwa kwa posachedwa, kuchedwa kobwerezabwereza, ndi ngongole imene ikadali m'mbuyo tsiku limene mukupempha. Ngakhale banki itavomera, mbiri yodetsedwa ili ndi mtengo wake, chifukwa pamwamba pa reference rate banki imaonjezera gawo lake molingana ndi momwe ikukuonerani. Tiyerekeze ngongole ya K20,000,000 yobweza zaka 15. Pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka mungamalipire pafupifupi K506,000 pamwezi, pamene pa 33 peresenti mungamalipire pafupifupi K554,000. Kusiyana kwa K48,000 pamwezi kumeneku, pa miyezi 180, kumapitirira K8,000,000, ndalama imene inakatha kugula malata ndi simenti yambiri. Banki ingathenso kuchepetsa ndalama imene ikubwerekeni, n'kufuna kuti gawo lalikulu la mtengo wa nyumba mulipire nokha.

Chifukwa cha zimenezi, malangizo anga ndi akuti musapemphe pamene chilonda chikadali chachiwisi. Konzani zonse zimene zili m'mbuyo, kenaka lolani kuti padutse miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ngati n'kotheka chaka, imene sitetimenti yanu ikuonetsa malipiro akulowa, ngongole zikudulidwa pa tsiku lake, ndipo palibe cheke kapena standing order imene yabwezedwa chifukwa chosowa ndalama. Amalonda amene mumasunga ndalama m'sitolo kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pokha, yambani kuzidutsitsa mu akaunti ya ku banki, chifukwa ndalama imene banki siikuiona siingaiwerengere. M'miyezi imeneyi pewani tingongole ta pa foni ngakhale mukutha kutibweza, ndiponso musaponye mafomu ku mabanki anayi nthawi imodzi, popeza kufunsidwa kwa lipoti lanu nakonso kumalembedwa, ndipo munthu wofunsidwa paliponse amaoneka ngati wapanikizika.

Tsiku lopereka mafomu likafika, nkhani ya kuchedwa kuja muiyambe ndinu. Lembani kalata yaifupi yonena mwezi umene munadumphitsa, chimene chinachititsa, tsiku limene munakonza, ndi chimene munasintha kuti zisachitikenso, ndipo muiphatikize ndi kalata yotsimikiza kuti munamaliza ija. Wogwira ntchito amene mukulankhula naye pa nthambi ya ku Kasungu si amene amagamula. Iye amatumiza fayilo yanu ku likulu, kwa anthu amene sanakuoneni nkhope ndipo sadziwa kuti ndinu munthu wodziwika bwino mumpingo kapena kumsika. Chimene chingakulankhulireni kumeneko ndi pepala limene lili m'fayilomo.

Pomwe mukukonza za ku CRB, musaiwale bilu ina imene anthu amaikumbukira mochedwa, yokhudza malo enieniwo. Banki imafuna chikole cha malo okhala ndi chikalata cholembetsedwa, monga lizi, ndipo musanaloledwe kuika malowo pa chikole mudzafunsidwa ngati msonkho wa malo wa ku Unduna wa Zamalo ndi wa ku khonsolo uli wolipira. Munthu amene sanalipire kwa zaka zisanu amauzidwa ndalama yonse nthawi imodzi, pa nthawi imene akufunikanso kulipira woyesa mtengo wa nyumba, loya ndi inshulansi. Pitani ku ofesi ya Kasungu Municipal Council ndi ku ofesi ya zamalo mukafunse zotsala zanu mwezi womwewo umene mukupempha lipoti la ngongole, kuti muzizilipira pang'onopang'ono m'miyezi yodikirayo, ndipo malisiti ake muwasunge mu envelopu imodzi ndi chikalata cha malo.